Nsalu ya Ulusi Wofiira

Tsiku limene Sidónio anabwera kudzanditenga kuti ndikaonekere kwa amayi ake, ndinasinthasintha zovala mpaka ana a pamishoni anayamba kundiombera m'manja ngati ndili pampikisano.

"Mama Mira, mukukwatiwa lero?" anafunsa Noémia ali chikhalire pabedi panga, atafungatira nsalu yake pachifuwa.

"Ndikungopita kukapereka moni."

"Moni wake wodzola mafuta onunkhira?"

Kamwana aka kanali ndi pakamwa, ndipo ndinkakakonda kuposa mpweya wanga.

Mishoni yathu ili kunja pang'ono kwa tauni ya Mocuba. Ana ambiri amene timawathandiza amagona kwawo. Amabwera kudzamwa phala, kuphunzira ndi kupemphera, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwa makolo awo. Mayi Solange, amene anachoka kwawo ku Brazil kudzayambitsa ntchitoyi, satopa kunena kuti mwana si wa mishoni, mwana ndi wa kwawo. Ogona pamishoni ndi okhawo amene abale awo anasowa. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndinakulira pomwepo, ndipo nditakula ndinatsala kuti ndizilera ena.

Koma Noémia ndiye anali wangawanga. Chaka chimene mtsinje wa Licungo unalusa n'kusesa midzi, asodzi anamupeza ali khanda, atakodwa m'nthambi za mtengo wa mango, atakulungidwa zolimba mu nsalu ya kapulana. Anamuika m'manja mwanga ine ndikadali kamtsikana. Abale ake tinawaitana pawailesi ndi m'matchalitchi, koma palibe anabwera. Chaka chino wayamba sukulu, komabe sagona popanda nsalu ija. Ndi yabuluu, ya nsomba zachikasu, m'mphepete mwake munasokedwa pamanja ndi ulusi wofiira, ndipo pangodya imodzi pali kamtanda kakang'ono ka ulusi womwewo.

Njinga yamoto inalira pachipata. Mtima wanga unalira nayo.

"Gwira m'chiuno, Mira, msewu uwu uli ndi maenje," anatero Sidónio nditakwera.

"Maenje ake amangopezeka ndikakwera ine?"

"Amakudziwa. Amakukonda ngati ine."

Ndinamumenya paphewa, koma ndinagwira. Malaya ake ankanunkha utuchi wa matabwa, fungo lomwelo limene linandisokoneza mutu tsiku loyamba, atabwera kudzatikhomera mabedi a ana.

"Amayi ako andilandira?"

"Amayi anga ndi mkango wopanda mano. Amangobangula."

"Nanga mawu akowo akunjenjemera bwanji?"

"Ndi maenje," anatero.

* * *

Woyamba kutiona pakhomo sanali amayi ake. Anali Nércia, mwana wa mwini sitolo ya nsalu pamsika waukulu, atakhala pakampando akupala kokonati ngati pakhomopo ndi pake. Tauni yonse inkadziwa kuti ndiye amene amayi a Sidónio ankamufunira mwana wawo.

"Ii, mano Sidó, mwabwera ndi mlendo? Mukananena ndikanawonjezera mpunga. Kapena a ku mishoni amangodya phala?"

"Timadya chilichonse, mana," ndinayankha, ndikumutcha chemwali m'Chipwitikizi monga iye anatchulira Sidónio kuti mano, ndiye kuti achimwene. "Ngakhale chophika munthu wosaitanidwa."

Dona Perpétua, amayi ake a Sidónio, anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono. Anali mayi wamtali, wowonda, wa maso osaphethira. Anasamukira ku Mocuba posachedwapa kuchokera ku Gurúè, amuna awo atamwalira, kuti akhale pafupi ndi mwana wawo mmodzi yekha wotsala. Ndinagwada n'kupereka moni ndi manja awiri. Anandigwira nsonga za zala zokha.

"Dzina?"

"Zulmira, mayi."

"Zulmira wa yani?"

"Wa ku mishoni."

"Mishoni sibereka. Amayi ako anali a pfuko liti?"

"Sindinawadziwe, mayi."

"Malume ako ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Amayi, ndinakuuzani kale kuti…" Sidónio anayamba.

"Iwe khala chete. Wokwatira ndiwe, koma wodzalira ndine." Anatembenukira kwa ine. "Tamvera, mtsikana. Sindikudana nawe. Koma ife Alomwe pfuko timatengera kwa mayi, ndipo a pfuko limodzi sakwatirana. Iwe lako sulidziwa. Ndidziwa bwanji kuti mwana wanga sakukwatira mlongo wake? Mukadzayambana, ndikadandaula kwa yani? Kwa mlendo wa ku Brazil uja?"

Nércia anaseka chamumtima, kupala kwake kukumveka kwee, kwee, kwee.

"Lowani muno atsikana nonse awiri," anatero Dona Perpétua. "Mkazi amadziwika ndi bokosi lake."

Kuchipinda anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi n'kulitsekula. Munali makapulana opindidwa bwino, onunkha mankhwala a njenjete. Anayamba kutulutsa imodziimodzi. Iyi anawapatsa agogo awo atatha msinkhu. Iyi anaberekera Sidónio. Iyi anavala pa maliro a amuna awo.

"Lako lili ndi chiyani, Zulmira? Zovala za kaunjika zochokera kwa azungu?"

Ndinaluma mlomo. Ndinali nditalonjeza mumtima kuti sindilira pakhomo pa eni ake.

Kenaka dzanja lawo linafika pansi penipeni pa bokosi, ndipo mawu awo anasintha. Anatulutsa nsalu ziwiri zofanana. Zabuluu. Za nsomba zachikasu.

"Zotere tinavala pa ukwati wa mwana wanga Custódia, iye yake, ine yanga. Ndinagula mpukutu wonse, ndinadula ndekha, ndinasoka ndekha, iliyonse ndi kamtanda kake kuti Mulungu aziyenda nafe." Anasisita ulusi wofiira ndi chala. "Custódia anatsatira mwamuna wake kokalima mpunga m'mphepete mwa Licungo. Madzi anamutenga, iye ndi mwamuna wake ndi khanda kumsana. Tinalira maliro opanda mitembo. Yanga ndi iyi. Inayi ndinasungira mkazi wa Sidónio."

Nércia anatambasula dzanja kuti aikhudze. Ine chipinda chinayamba kuzungulira. Kamtanda aka ndinali nditakachapa ndi manja anga kosawerengeka.

Ndinadzuka osatsanzika. Ndinadutsa Sidónio pakhonde, ndinadutsa mphika wa mukapata, mpunga wophikira ndi nyemba ndi kokonati, umene unali utangophulidwa, ndinathamangira kumsewu n'kukwera njinga yakabaza.

Kumbuyo ndinamva mawu a Dona Perpétua: "Waona? Wosiya chakudya cha apongozi chili pambale. Ndiwo makhalidwe a mwana wopanda malume."

* * *

Foni yanga sinapume ndi mauthenga a Sidónio.

"Mira, wandichititsa manyazi. Bwanji?"

"Mira, yankha. Ngati ndi mawu a amayi, ndiwapepesera ine."

"Ndafika pachipata, mlonda akuti wadwala mutu. Mutu wake umenewo ndi ine?"

"Nércia akuti mwina uli ndi wina. Ndamuuza kuti atseke pakamwa. Koma Mira, ndiuze wekha."

Ndinawerenga onse, sindinayankhe ngakhale umodzi. Ndikanayankha chiyani? Kuti mwana amene amamugulira masiwiti Lamlungu lililonse, amene amamunyamula paphewa n'kumamutcha bwana wamkulu, ndi mwana wa mlongo wake? Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Zikadziwika, mwini mwana adzakhala Sidónio monga malume, ndipo womulera adzakhala Dona Perpétua, mayi amene sanafune ngakhale kugwira dzanja langa lonse.

Ndinadziuza kuti nsalu zofanana ndi zambiri pamsika. Koma ulusi wofiira sugulidwa wosokasoka.

Lachitatu masana Nércia anatulukira pamishoni atanyamula thumba la zovala zakale.

"Ndabweretsera ana amasiye," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Mwina inunso mupezamo yokukwanani, mana Zulmira."

"Mulungu akudalitseni. Siyani pakhondepo."

"Mano Sidó sakudya, mwamva? Ndikumuphikira ine, koma akungotosatosa. Musadandaule, azolowera. Mwamuna ali ngati mwana, amaiwala bere akapeza phala lokoma."

Ankalankhula maso ake akuyendayenda pabwalo. Ndipamene ndinakumbukira. Nsalu ya Noémia ndinali nditaichapa m'mawa, ndipo inali pachingwe kumbuyo kwake, ikuuluzika ndi mphepo, nsomba zachikasu zikusambira poyera. Nércia anakulira m'sitolo ya nsalu. Akanangocheuka, zikanathera pomwepo.

"Taonani uko, abusa akukuitanani," ndinanama, ndikuloza kutchalitchi.

Atayang'ana kumbali, ndinatsomphola nsalu ija pachingwe n'kuikankhira m'ndowa, pansi pa zovala zonyowa.

"Palibe munthu uko," anatero, akundiyang'ana ine kenaka ndowa. "Mwabisa chiyani?"

"Zamkati. Mukufuna kuona?"

Anatsonya n'kumapita, koma pachipata anacheukanso.

Ndinakhala pansi pambali pa ndowa ija. Noémia anabwera akuthamanga kuchokera kusukulu, n'kuyang'ana pachingwe.

"Mama Mira, nsalu ya amayi anga ili kuti?"

Nsalu ya amayi anga. Ndi mmene ankaitchulira chiyambire kulankhula. Ndinaivuula m'ndowa, itanyowanso, ndipo ndinaona chimene ndinatsala pang'ono kuchita. Ine amene ndinakula ndikuyang'ana pachipata tsiku ndi tsiku kuti mwina wina abwera kudzati "uyu ndi wathu", ndinkafuna kutsekera mwana wina chipata chomwecho.

* * *

Mayi Solange ndinawapeza kuseri kwa khitchini akusankha nyemba ndi amayi a m'mudzi amene amabwera kudzathandiza kuphika. Ataona nkhope yanga anandikokera pansi pa mtengo wa mkesha.

Ndinawauza zonse. Anamvetsera osandidula, kenaka anavula magalasi n'kupukuta maso.

"Tinamupempherera zaka zonsezi kuti abale ake apezeke," anatero. "Ndinaiwala kupempherera iwe, kuti akadzapezeka udzapirire."

"Dona Perpétua akandilanda mwanayo, mayi. Sandilola ngakhale kumuona."

"Mwina. Sindikunamiza, mwanangu. Ukufuna ndikanene ndine?"

"Ayi. Ndinamulandira ndine. Ndikamupereka ndine."

"Ndiye ndidziwitsa a boma oona za ana kuti adzafufuze bwino. Koma Sidónio amve kwa iwe, asamve kwa a boma."

Ndinatulutsa foni n'kulemba: "Tikumane pamlatho dzuwa lisanalowe. Ubwere wekha."

Yankho linabwera ndisanaibweze m'thumba: "Ndanyamuka kale."

* * *

Licungo anali wofatsa tsiku limenelo, amayi akuchapa pamiyala, ngati si mtsinje womwe uja. Sidónio anaimika njinga n'kubwera ali tsinya.

"Ndani?" anatero asanapereke ndi moni womwe.

"Ndani chiyani?"

"Mwamunayo. Ndi mphunzitsi wa kwaya uja? Wa mano otalikirana uja?"

Ndinaseka ndisakufuna, misozi n'kutsatira pomwepo. Ndinatsekula chikwama n'kumupatsa nsalu ija.

Anaitembenuza. "Waba nsalu ya amayi?"

"Yang'ana bwino. Iyi ndi yofwifwa. Ya amayi ako ndi yatsopano."

Anayang'ana ulusi, anayang'ana kamtanda. Ndinaona nkhope yake ikusungunuka.

"Iyi ndi ya Noémia," ndinatero. "Ndi imene asodzi anamupeza nayo. Sunaionepo chifukwa imakhala kuchipinda. Khanda la Custódia linali lalikazi?"

Anagwira chitsulo cha mlatho. "Lalikazi. Ndinangoliona kamodzi, pa ubatizo." Anaseka, kenaka analira osabisa nkhope. "Bwana wamkulu? Bwana wamkulu ndi mwana wa Custódia? Mira, amaseka ngati iye! Ndinkadabwa kuti kuseka kumeneku ndinakumva kuti!"

Ndinamulola alire. Atapukuta maso anandigwira mapewa onse awiri, maso ake akuwala.

"Tamvera. Mulungu watipatsa kiyi. Tisawauze amayi panopa. Ndipita ndikawauze kuti ndili ndi chinthu chimene chingawabwezere moyo, koma ayambe avomera ukwati wathu. Akavomera, tikwatirana, Noémia tikhala naye ife, iwo azidzamuona. Palibe wotaya kanthu."

Kunena zoona, mtima wanga unalumpha. Ndinaona kanyumba ka malata, Noémia akusewera pakhonde, ine ndikuthira madzi maluwa, Sidónio akubwera madzulo ndi fungo lake la utuchi. Ndinaliona loto lonselo mpaka mtundu wa makatani.

"Ayi," ndinatero.

"Mira!"

"Mwana si mbuzi yogulira mkazi, Sidó. Amayi ako analira maliro opanda mtembo. Tsiku lililonse limene tibise, tikuwaliritsa ndife. Ndipo akadzandivomera chifukwa chowapanikiza, adzandida mpaka kumanda."

"Akangomutenga mwanayo basi, iwe n'kukutaya! Sukuwadziwa amayi anga!"

"Unati ndi mkango wopanda mano."

"Ndinanama! Ali nawo onse!"

"Ndiye andilume. Ndikufuna ndidzalowe m'nyumba mwanu pakhomo, osati pazenera."

Anamenya chishalo cha njinga ndi chikhatho. "Ndiwe wouma mutu ngati mtondo."

"Ndiye ukufuna kukwatira mtondo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mkwiyo ukulimbana ndi kumwetulira. "Ndine kalipentala," anatero. "Mitengo yolimba ndi imene ndimaifuna. Amayi ndibwera nawo mawa."

* * *

Dona Perpétua anafika pamishoni atavala zakuda, akuyenda ngati munthu wokokedwa. Sidónio anali atangowauza kuti pali nkhani ya Custódia. Tinakhala m'chipinda chopemphereramo: iwo, Sidónio, Mayi Solange, mayi wina wochokera ku boma, ndi ine.

Ndinagwada n'kuika nsalu ija pamiyendo pawo.

Anaitambasula, chala chawo n'kuyenda m'mphepete mpaka pangodya. Pafupi ndi kamtanda panali pamene ulusi unapindika pang'ono.

"Apa singano inandibaya," ananong'ona. "Custódia anandiseka kuti ndakalamba." Anadzutsa mutu. "Mwaitenga kuti?"

Mayi Solange anafotokoza za asodzi ndi mtengo wa mango. Asanamalize, chitseko chinatsekuka ndipo Noémia analowa atagwira dzanja la mlezi mnzanga, tsitsi lake nditaliluka bwino m'mawa. Anayang'ana alendo onse, kenaka nsalu yake ili pamiyendo pa munthu wachilendo.

"Agogo, imeneyo ndi yanga," anatero mosaopa. "Mukafuna yanu mukagule."

Kulira kumene Dona Perpétua analira sindidzakuiwala. Anagwa pampando n'kukwawa ndi mawondo mpaka pamene panali mwanayo. Anamugwira nkhope, makutu, zala, akutchula dzina la Custódia mobwerezabwereza. Noémia anachita mantha n'kuthawira kumbuyo kwanga.

Atatonthola, Dona Perpétua anadzuka, anakonza duku lawo, nkhope ija n'kubwerera mwakale.

"Zikomo pomusunga," anatero osandiyang'ana. "Mulungu akulipirani. Sidónio, nyamula mwana tizipita."

"Sizitero, mayi," anatero mayi wa ku boma uja. "Tiyenera kufufuza kaye, tikafunse asodzi ndi a kumudzi kumene ankalima."

"Fufuzani. Magazi safuna mboni."

"Ndipo zikatsimikizika," anawonjezera Mayi Solange mofatsa, "pano tili ndi kachitidwe kathu. Mwana sitimuzula ngati chinangwa. Akamabwerera kwawo, womulera amapita naye, amagona naye komweko mpaka mwanayo atazolowera. Ndi mmene tachitira ndi ana onse amene abale awo anapezeka."

"Womulera wake ndani?"

Noémia anali atakulunga manja ake m'chiuno mwanga.

"Uyu?" Dona Perpétua anaseka kuseka kouma. "M'nyumba mwanga? Ndiye mwapangana! Wakana kulowa ndi ulemu, akufuna kulowera pamsana pa mdzukulu wanga!"

"Amayi!" Sidónio anaimirira. "Ine ndinamuuza kuti tibise mpaka mutavomera ukwati. Anakana ndi iyeyu. Akanafuna kukugulani, bwenzi lero mukugonabe ndi chisoni chanu."

Kwa kanthawi kochepa, maso a mayi aja anagwera pa ine, ndipo ndinaonamo kanthu kena, ngati kudabwa. Koma kanazima msanga.

"Chabwino," anatero. "Abwere. Koma abwera ngati mlezi, osati mkamwana. Ndipo masiku onse amene iye ali m'nyumba mwanga, iwe Sidónio ukagona kushopu kwako. Ukaponda pakhomo panga iye ali pomwepo, ndiye kuti amayi ulibe."

Sidónio anatsekula pakamwa. Ndinamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Ndavomera, mayi," ndinatero.

* * *

Kufufuza kunatha mvula yoyamba itagwa. Msodzi mmodzi anali akadali moyo, ndipo mayi wina wa kumudzi kuja anakumbukira Custódia akumangirira khanda lake ndi nsalu yabuluu madzi akulowa m'nyumba. Dzina la ubatizo la mwanayo linali Perpétua, koma mwini wake anakana.

"Ine ndine Noémia. Perpétua ndi agogo. Tikakhala awiri, poitana tizisokonezeka."

M'mawa wa tsiku lopita, ana onse a pamishoni anatiperekeza mpaka pachipata akuimba. Mayi Solange anatiika manja pamutu n'kupemphera, kenaka anandinong'oneza: "Ukapita kukalera mwana, osati kukamenya nkhondo."

"Nanga nkhondoyo ikandipeza?"

"Ukaipatse moni ndi manja awiri."

Sidónio anatinyamula mpaka pamphambano ya kwawo, n'kuima pansi pa mtengo wa mango.

"Malire anga ndi ano," anatero. "Mira, ukatopa undiuze. Tithawira ku Quelimane, tikakwatirana kuboma."

"N'kusiya Noémia?"

Anayang'ana pansi.

"Ndiye usadzanenenso. Uzidutsa pamsewu uno madzulo aliwonse, uziliza belu. Ndizimva."

"Njinga yamoto ilibe belu."

"Ugule."

"Malume," Noémia analowerera, akuyesa dzina latsopanolo pakamwa, "mukamaliza kuyang'anana munditsitse, miyendo yachita dzanzi."

Tinayenda awiri kanjira kopita kunyumba, iye atakoleka nsalu yake m'khosi, ine nditasenza kachikwama kanga. Ndinali nditakonzeka kukumana ndi nkhope ya Dona Perpétua. Ndinali nditayeseza moni wanga njira yonse.

"Odi!"

Chitseko chinatsekuka. Anali Nércia.

M'chiuno mwake anali atamanga kapulana yatsopano, yabuluu, ya nsomba zachikasu. Ulusi wofiira unkawala m'mphepete, ndipo ngodya ya kamtanda anali ataisiya dala panja kuti ioneke. Inali ija ya pansi pa bokosi, yosungira mkazi wa Sidónio.

"Takulandirani, alezi," anatero akumwetulira. "Amayi andipempha ndizigona konkuno, kuti mwana ayambe kuzolowera amene adzamulere mpaka kalekale. Inu mphasa yanu ili kukhitchini." Anawerama n'kutambasula manja. "Bwera kuno, Perpétua. Taona, nsalu yanga ndi yako n'zofanana."

Noémia anayang'ana nsalu ya Nércia, anayang'ana yake yofwifwa ija. Kumbuyo, mumdima wa pabalaza, ndinaona Dona Perpétua ataima chilili, akudikira kuti aone ngati ndithawenso ngati tsiku lija.

Mwanayo anavula nsalu yake m'khosi. Anaitambasula ndi timanja take, anaizunguliza m'chiuno mwanga, n'kumanga mfundo yokhotakhota.

"Mama Mira alibe yake," anauza agogo ake. "Ndawabwereka."

Kumwetulira kwa Nércia kunauma. Dona Perpétua anayang'ana nsalu ya mwana wawo wakufa ili m'chiuno mwa mtsikana wopanda pfuko, ndipo sindinadziwe ngati atukwane kapena alire.

Ndinavula nsapato, ndinalimbitsa mfundo ija, ndinagwira dzanja la Noémia, n'kudutsa pambali pa Nércia. Ndinagwada pamaso pa mayi aja n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Ndafika, mayi. Kukhitchini ndi mbali iti?"